Waya wa pa Nthambi Yoyamba

Lolemba, 4 Novembala

Andigoneka lero masana. Bedi langa lili pakati: kumanzere kuli dalaivala wa malole, kumanja kuli sinki yodontha. Mayi akunyumba andisiyira kope ili ndi cholembera, akuti ndizilemba m'malo movutitsa anamwino ndi mafunso. Amandidziwa bwino.

Vuto ndi phazi lakumanja. Mwezi watha ndinaponda kachidutswa ka waya wamkuwa pakhonde, kanaboola patapata n'kulowa pansi pa chala chachikulu. Sindinamve kanthu. Ndinangoona magazi atauma kale madzulo ndikusamba. Akuti ndi mmene shuga amachitira, amagonetsa mitsempha ya kumapazi. Ndinatsuka, ndinamanga, ntchito n'kumapitirira. Sabata yathayi phazi linatupa, thupi linatentha, ndinagona m'chipinda osatuluka ngakhale pakhonde. Lero chala chada bii.

Ntchito yanga ndi yokulunga mamota a magetsi. Waya wamkuwa wandidyetsa moyo wanga wonse, waphunzitsa ana anga. Lero wandigoneka m'chipatala.

Andiika dilipi ya mankhwala opha tizilombo. Jakisoni wa shuga ndisanadye. Shuga ali pa 19, namwino wangopukusa mutu.

Lachiwiri, 5 Novembala

Adokotala a opaleshoni abwera m'mawa. Ndi mayi wamsinkhu wa mwana wanga woyamba, ndipo salankhula mozungulira. Adalaivala amawatchula Atelala, akuti ntchito yawo ndi kudula ndi kusoka basi. Amasula bandeji, ayang'ana, kenako atenga cholembera chakuda n'kujambula mzere pamwamba pa phazi, kuzungulira pomwe pafiira.

"Bambo, chala ichi chafa. Ndikufuna ndichichotse mawa, pamodzi ndi chinzake chapafupichi. Kufiiraku kukadumpha mzerewu tikamba zina."

Ndakana. Ndati tiyese kaye mankhwala, munthu sudula chinthu usanachipatse mpata. Ati phazi ndi langa, sangandikakamize, koma nthawi si yanga.

Chimene chikundisowetsa mtendere si phazi lokha. Kunyumba ndasiya kamtengo pakhonde.

Ndi junipa, wachibale wa mkungudza, wamasamba ang'onoang'ono obaya pang'ono. Ndinakagula kwa ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu zaka zitatu zapitazo, nditaona mitengo yotere kwa mkulu wina amene ndinamukonzera pampu. Amati bonsayi. Ndi mtengo weniweni, umakhala m'mbale yadothi yosazama, koma ukauyang'ana umaoneka ngati chimtengo chokalamba cha paphiri. Sufika pamenepo wokha. Umaudulira, umakulunga nthambi ndi waya n'kuzipinda pang'onopang'ono mpaka zitazolowera. Waya ndimasolola m'mamota akupsa, ndimauwotcha pamakala kuti ufewe.

Nthambi yoyamba, yapansi penipeni, ndiyo imanyamula maonekedwe a mtengo wonse. Yanga ndailera zaka zitatu osaidula, kuti inenepe. Koma imaloza kumwamba ngati mwana wasukulu wofuna kuyankha funso, pomwe nthambi ya mtengo wokalamba imawerama. Tsiku limene ndinaponda waya lija ndinali kuitsitsa. Inalimba, inakana kupindika. Ndiye ndinaikola chapakati ndi waya wowonda, n'kuukokera pansi, n'kumangirira kumbale. Pansi pa waya wotere pamafunika kampira kuti usadye khungwa. Ndinati ndiika mawa. Kenako mamota anachuluka kuntchito, kenako phazi linayamba zake.

Mayi ndawasiyira malamulo atatu: kuthirira m'mawa, osakalowetsa m'nyumba, osakhudza waya. Lamulo lachitatuli ndinabwereza kawiri. Chaka chatha ndili kuntchito anakameta ndi sizasi yawo kuti kakhale kozungulira bwino ngati mpanda wa pabanki. Ndinatha masiku osawalankhula. Mpaka pano ndikuti wolakwa sanali ine.

Lachitatu, 6 Novembala

Tsiku la muno limayamba kusanache bwino. Kubaya chala, kuyeza thupi, jakisoni, phala lopanda shuga, okolopa. Kenako kutsuka mabala. Ngolo ya mabandeji ikangolira mawilo pakhomo, wodi yonse imati zii.

Adalaivala anawadula mwendo wakumanzere pamwamba pa bondo. Pakamwa pokha ndi pomwe sanawadule. "Wa kilatchi wapita, akulu, watsala wa buleki ndi mafuta. Ndizingoyendetsa za otomatiki ngati bwana." Nditawafotokozera za bonsayi aseka mpaka kutsokomola. "Anzanu akudzala mango kuti ana adye, inu mukulera mtengo kuti usakule?" Tsopano wodi yonse ikunditchula a Kamtengo. Ngakhale wokolopa.

Masana ananditengera kuchipinda china. Anapaka mafuta ozizira pamwendo n'kumayendetsapo kamakina komvera magazi. Kuseri kwa bondo kumalira bwino, fwu, fwu, fwu, ngati mota yongokulunga kumene. Pakakolo kumamvekera kutali, mpaka woyezayo anachita kukweza voliyumu. Pamwamba pa phazi, chete. Anasuntha uku, anasuntha uko, anawonjezera mafuta. Chete. Khutu langa ndi la mamota, sindinafunike kuuzidwa.

Shuga 14.

Lachinayi, 7 Novembala

Mayi abwera ndi mazira owiritsa, malalanje ndi tiyi wopanda shuga. Andionetsa chithunzi pafoni. Kamtengo kali biriwiri, nthambi yoyamba yawerama bwino lomwe. Mtima unakhala pansi.

"Koma bambo, waya wapansi uja..."

"Mwaukhudza?"

"Ayi, ine ndimangoti..."

"Musaukhudze. Mukaumasula nthambi ibwerera kumwamba, ntchito yonse ilowa m'madzi."

Anayamba kusenda lalanje. Anasenda pang'onopang'ono, khungu osaduka, mmene amachitira akakhumudwa. Ndinaona, koma ndinalibe mphamvu yonyengerera munthu.

Potsuka bala ndinasuzumira. Kufiira kwafika pamzere. Sikunadumphe, kwangofika.

Lachisanu, 8 Novembala

Kwadumpha.

Adokotala ajambula mzere wachiwiri, chakukakolo. "Lachiwiri ndimapempha zala ziwiri. Lero ndikupempha theka la phazi. Chidendene chitsala, mudzayendera chomwecho."

Ndawauza kuti ululu watha kuyambira dzulo, ndagona tulo koyamba chibwerereni, kutanthauza kuti mankhwala ayamba kugwira.

"Bambo, phazi lotere likasiya kupweteka si nkhani yabwino."

Asintha mankhwala, aika amphamvu, botolo laling'ono lachikasu katatu patsiku. Amawotcha m'mitsempha akamalowa. Ndati tidikire mpaka Lolemba. Alemba m'faelo kuti ndakana, andionetsa kuti ndione zomwe alemba.

Ndikuopa. Munthu wa theka la phazi amaima bwanji pabenchi tsiku lonse? Amanyamula bwanji mota? Mota ikapsa mbali imodzi ine sinditaya, ndimakulunganso. Iwowa sangakulungenso?

Loweruka, 9 Novembala

Thupi latentha, 39. Kunjenjemera mpaka bedi kulira. Dilipi yatupitsa dzanja, abaya linalo.

Sindinadye.

Namwino wamkulu watsegula zenera la pafupi nane osanena chifukwa. Chifukwa chake ndikuchidziwa, mphuno ndili nayo.

Lamulungu, 10 Novembala

Ndapezako bwino pang'ono. Wodi yadzaza alendo, mabasiketi, ana othamanga pakati pa mabedi. Alamu abwera ndi mpunga wa nkhuku ndi nkhani ya mnzawo wina amene anachira chilonda ndi uchi. Mayi anawayang'ana kamodzi kokha, nkhani ya uchi inathera pomwepo.

Alamu atatuluka, mayi anakokera mpando pafupi.

"Bambo, mundikalipire ngati mukufuna, koma ndinena. Waya uja sukuonekanso. Walowa. Khungwa latupa uku ndi uku, pakutuluka utomoni."

"Kuyambira liti?"

"Ndinauona musanabwere kuno. Lachinayi lija ndimafuna ndikuuzeni zomwezo."

"Nanga masamba?"

"Ali obiriwira bwinobwino."

"Kubiriwira si kanthu! Junipa amafa ali wobiriwira. Nthambi imatha kufa lero, masamba n'kudzasintha mwezi wamawa. Mukamaona kufota ndiye kuti maliro anachitika kale."

Ndinakweza mawu, alendo a pabedi lachitatu anacheuka. Ino ndi nyengo yotentha, mtengo ukukula, nthambi ikunenepa tsiku ndi tsiku. Waya sutanuka. Moyo wa nthambi umayenda pansi pa khungwa penipeni, ndipo waya ukazungulira n'kutseka njira, zonse za kutsogolo kwake zimafa ndi njala. Zaka zitatu!

"Ndiye ndikaudule?" anafunsa mayi.

Ndinayang'ana manja awo. Waya wolowa m'khungwa sukokedwa. Umafuna nsonga ya pulaya, uudule malo awiri, uuzule mowongoka. Ukaphonya umasenda khungwa lonse. Ndinakumbuka sizasi ija.

"Ayi. Ndibwera ndekha."

"Mubwera bwanji?"

"Ndi miyendo."

Anasonkhanitsa mbale, anatseka basiketi, anatsanzika adalaivala. Ine sananditsanzike.

Lolemba, 11 Novembala

Mzere wachitatu, pamwamba pa kakolo. Adokotala asanamalize kujambula ndinayamba pempho langa.

"Ndikupempha tsiku limodzi. Ndipite m'mawa, ndibwere madzulo."

"Kuli maliro?"

"Ayi."

"Nanga kuli chiyani?"

Adalaivala anayankhira pabedi pawo: "Kamtengo kawo kadwala, adokotala." Palibe anaseka, ngakhale iwo eni.

Adokotala anatseka cholembera. "Theka la phazi lija latha, bambo, sindikulipemphanso. Lero ndikupempha pansi pa bondo. Tizilomboti tikalowa m'magazi sindidzapempha kanthu, ndidzangoitana mayi. Pakhomo paja palibe loko. Mukatuluka, mutuluka mwa kufuna kwanu."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti ana a masiku ano mpeni uli patsogolo, kuti sabata imodzi yokha achoka pachala afika pabondo, mawa adzafuna khosi. Anandisiya ndimalize. Kenako anati, "Amene akukwera si ine, bambo," n'kupita pabedi lina.

Masana adalaivala anavundukula bulangeti lawo. Chibwerereni ndinali ndisanaone. Kachitsa kafupi, kokulungidwa, kothera pakati pa ntchafu.

"Akulu, taonani. Ine ndinapempha sabata imodzi kuti ndikatule katundu wa anthu. Anandipatsa, ndinakatula. Amene watsala ndi bondo amavala mwendo woikirira n'kumayenda, buluku pamwamba, simungamuzindikire. Ine ndikati nditembenuke ndimagubuduka ngati thumba."

Analankhula opanda nthabwala, mawu awo ndinachita kuwadabwa. Ndinatembenukira kusinki.

Thupi 38.6. Shuga sakutsika. Mawa ndipita, ndikadule waya, ndibwere. Ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Lachiwiri, 12 Novembala

Ndilemba zonse.

M'mawa atatsuka mabala ndinatulutsa zovala m'kabati. Buluku linakana kudutsa paphazi. Ndinang'amba msoko. Nditaimirira pansi panapendekeka, sinki inapita kudenga, ndinangopezeka ndakhalanso pabedi thukuta lili kamukamu. Ndinali kusonkhanitsa mphamvu kuti ndiyesenso pamene namwino wamkulu analowa akukankha chikuku.

"A Kamtengo, kuli mlendo wanu panja. Alonda amukaniza kulowa."

Anandikankha kudutsa m'khonde lalitali, kudutsa kochapira, mpaka kuseri komwe amayanika nsalu za pabedi. Pali benchi ya simenti pamenepo. Mayi anali atakhala, beseni lili pamiyendo. M'besenimo munali kamtengo kanga, mbale yake atayitsekera ndi mataulo kuti isagwedere.

Akwera nako basi. Akuti kondakitala amafuna akaike kumbuyo pamodzi ndi matumba, anakangana mpaka okwera ena analowerera. Anakanyamula pamiyendo ulendo wonse, dzanja lili pamwamba kutchingira zigongono za anthu. Palibe tsamba lomwe linathyoka.

"Munati osakalowetsa m'nyumba, ndiye tili panja," anatero. "Waya sindinakhudze." Anatulutsa m'chikwama pulaya yanga, sizasi ya mitengo ndi kampeni, atazikulunga m'nsanza yomwe ndimasungiramo zida.

Kanali kokongola. Ndinene zoona, sindinakaonepo kokongola chotere. Thunthu likupindika kawiri, nsonga ikuyang'ana kutsogolo, nthambi yoyamba itawerama ndendende mmene ndinkaionera m'mutu zaka zonsezi. Biriwiri.

Waya unali utamira. Ndinachita kuufufuza ndi chala m'kati mwa utomoni. Mayi anagwira mbale, ine ndinalowetsa nsonga ya pulaya. Ndinaphonya kawiri. Kachitatu unaduka. Ndinadula mbali inayo, ndinauzula. Unasiya ngalande yozungulira nthambi yonse, yakuya, youma.

Nthambi sinabwerere kumwamba. Inakhala pomwepo. Ndinatsala pang'ono kuseka, ndinati yazolowera. Kenako ndinagwira masamba. Amayenera kukhala ofewa, onunkhira utomoni. Anali okhakhala, ndipo ena anayoyokera m'manja mwanga ali obiriwira.

"Mukutani tsopano?" anafunsa namwino ataona ndikukanda khungwa ndi chikhadabo.

Ndinamuuza kuti masamba amanama, khungwa silinama. Ukakanda pang'ono, pansi pake pakakhala pobiriwira, ponyowa, ndiye kuti pali moyo. Pakakhala pofiirira, pouma, ndiye kuti zatha.

Ndinayambira kunsonga. Pouma. Ndinasunthira m'kati. Pouma. Chapakati, pouma. Pafupi ndi ngalande ya waya, pouma. Zimenezo ndimayembekezera. Ndinadumpha ngalandeyo n'kukanda mbali ya kuthunthu, komwe kumayenera kukhala kwamoyo. Pouma. Ndinasuntha chala chimodzi. Pouma.

"Kwadumpha," anatero mayi chapansipansi.

Pafupi ndi thunthu pali kamphukira kakang'ono, kofanana ndi mutu wa machesi. Ndinkafuna kukachotsa kalekale chifukwa kamaononga mzere wa nthambi, ndinangoiwala. Ndinakanda pambali pake. Pobiriwira. Ponyowa.

"Lachinayi lija pakanakhala pobiriwira mpaka pati?" anafunsa mayi.

"Sindikudziwa."

"Mukudziwa."

"Mwina mpaka pawaya. Mwina nthambi yonse."

"Ndiye mutani?"

"Kudula apa, kutsogolo kwa kamphukiraka. Nthambi ya junipa ikasowa tsamba lamoyo imauma mpaka kuthunthu. Kamphukiraka ndi komwe kazikoka madzi. Kakalimba, nthambi yatsopano idzachokera pomwepa."

"Osaidikira kaye mpaka Lolemba?"

"Kudikira chiyani? Yafa iyi. Simukuona kuti kuumaku kukulowa m'kati?"

Mayi sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana pansi, pomwe phazi langa linatsamira pachikuku, bandeji itanyowa, ntchentche ziwiri zikuzungulira. Namwino anayamba kuyang'ana nsalu za pachingwe ngati akuziwerenga.

Ndinatenga sizasi. Ndinadula.

Mayi anatola nthambiyo pansi n'kuiika pamiyendo panga. "Taonani kubiriwira kwake," anatero. "Ine ndanyamula kamtengoka chifukwa inuyo sindingakunyamuleni. Waya ndinauona ukulowa, ndinausiya chifukwa munanena. Tsiku lililonse ndimathirira ndikuuona. Koma za mwendozi sindikhala chete ayi, bambo. Mukwiye, musandilankhule mwezi wonse, koma mukwiye muli moyo."

Mkazi wanga salira pagulu. Ngakhale pa maliro a mayi ake analirira m'chipinda. Lero walira kuseri kwa chipatala, beseni lili pamiyendo, osatha kupukuta misozi chifukwa manja onse agwira mbale ya kamtengo kanga.

Ndinauza namwino kuti akaitane Atelala.

Adokotala anabwera masana. Sanandikumbutse za dzulo. Anakanikiza katumba ndi chala, anayang'ana mzere wachitatu, womwe nawonso wayamba kumira m'kufiira.

"Bondo sindikulonjeza, bambo. Ndidula pansi pake. Ndikapeza mnofu wotuluka magazi ndiima pomwepo. Ndikapanda kuupeza ndikwera."

Ndinati ntchito imeneyo ndikuidziwa. Ndasaina.

Lachitatu, 13 Novembala

Osadya, osamwa. Andiveka chovala chotseguka kumbuyo. Andimeta mwendo mpaka kuntchafu. Ndinafunsa chifukwa chake akumeta mpaka kumeneko, namwino anati amatero ndi aliyense.

Lero sanajambule mzere. Ajambula muvi, kuti asasokoneze mwendo.

Mayi analawirira. Kamtengo anabwerera nako dzulo, akuti akaika pamthunzi monga ndinanenera. Pulaya ili m'chikwama mwawo. Ndinawauza kuti waya wa nthambi zam'mwamba aziuona okha, ukayamba kudya khungwa audule tizidutswa, osaumasula.

"Ndadula kale dzulo nditafika," anatero. "Unali utayamba."

Ulendo uno sindinawakalipire.

Adalaivala sanachite nthabwala m'mawa wonse. Angoti andisungira lalanje.

Ndaliyang'ana phazi. Landiyendetsa zaka zonsezi osadandaula. Ndikuopa kwambiri.

Ngolo yonditengera ku opaleshoni yabwera.

Lachinayi, 14 Novembala, m'mawa

Ndili moyo.

Kusanza. Ululu. Jakisoni wa ululu, tulo, ululu.

Pamwamba pa mwendo aika chitsulo chokhota, bulangeti lili pamwamba pake. Sindinayang'ane. Adokotala ananena kanthu dzulo ndili m'tulo ta mankhwala, sindikukumbuka. Lero atabwera ndinatseka maso kunamizira kugona. Namwino akuti zayenda bwino, koma ananenanso chomwecho kwa adalaivala.

Chala chachikulu chikuyabwa. Chomwe chija chakuda, chomwe ndikudziwa kuti kulibe. Chidendene ndikuchimva, kakolo ndikumumva. Ndiye bondo ndikalimva ndikhulupirire?

Lachinayi, madzulo

Mayi abwera nthawi ya alendo. Anakhala pansi, anandigwira pamphumi. Anatsegula pakamwa kuti anene.

"Musandiuze," ndinatero. "Mundinyengerera. Kandani."

Anandiyang'ana, kenako anamva. Analowetsa dzanja pansi pa bulangeti. Chikhadabo chawo chinafika pamwamba pa ntchafu.

"Apa?"

"Ndamva."

Anatsika. "Apa?"

"Ndamva."

Anatsikanso, pomwe mwendo wa adalaivala umathera. Ndinagwira chitsulo cha bedi.

"Apa?"

"Ndamva."

Dzanja linayenda pang'onopang'ono, ine osapuma. Kenako chikhadabo chinakwera pafupa lozungulira, lolimba, n'kukanda mwamphamvu mpaka kuwawa. Kuwawa kwenikweni, kwa khungu lamoyo.

"Apa?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Pobiriwira," anatero mayi.

Ndinalira, osabisa, alendo a anthu akuona. Bandeji ikuyambira pansi pang'ono pa bondo. Latsala lalifupi kuposa mmene adokotala amafunira, akuti anachita kukwera kawiri asanapeze magazi, koma latsala.

"Atsala nalo?" anafunsa adalaivala.

"Atsala nalo," anayankha mayi.

"Eya," anatero. Anatambasula dzanja n'kuika lalanje lija pabedi langa, kenako anatembenukira kukhoma.

Mayi alisenda. Theka ndadya, theka ndawaikira pakabati pawo.